Chromis mu thanki ya madzi amchere: chifukwa chake gulu la nsomba 9 limatsala ndi 2

Munthu akangoyamba kusunga nsomba za mnyanja yamchere, chinthu chimodzi chomwe pafupifupi aliyense amachilakalaka ndi kagulu ka tinsomba tobiriwira tikuyandama limodzi pamwamba pa makorali, zamoyo za mnyanja zija zooneka ngati miyala ya nthambi, tikutembenuka nthawi imodzi ngati tauzana. Ndiye amafunsa kuti kodi ndi nsomba iti ingachite zimenezi osamenya zinzake komanso osadya makorali, ndipo yankho limabwera lomwelomwelo, chromis. Yankholo sibodza ayi, koma ndi theka chabe la nkhani yake, chifukwa anthu ambirimbiri omwe anaika chromis 7 kapena 9 amapezeka pakatha chaka atsala ndi ziwiri, mwina imodzi yokha, ndipo zinazo sanaone olo mtembo wake. Ineyo zinandichitikira, ndinayamba ndi 8, miyezi 10 isanakwane zinatsala ziwiri, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa madzi anali bwinobwino, makorali akukula, palibe chomwe ndimachiona cholakwika. Mpamene ndinayamba kufuna kumvetsa kuti nsomba zimenezi zimakhala bwanji kwawoko.

Chromis ndi ya mbanja lomwe pa Chingerezi amati damselfish, asayansi amati Pomacentridae, banja lalikulu la mitundu yoposa 350, ndipo clownfish ija ya mizere yoyera yokhala mu anemone, kanyama ka mnyanja kooneka ngati duwa, nayonso ndi ya momwemu. Banjali mbiri yake siyabwino kwenikweni. Ambiri mwa abale ake ndi andewu zedi, koma ndewuyo ili ndi chifukwa chake. Tengani za mtundu wa Stegastes, zimenezija zimalima munda weniweni wa ndere pamwala, zimapalira kuchotsa ndere zomwe sizikuzifuna nkusiya zomwe zimadya, ndiye chilichonse chofika pafupi, kaya ndi nsomba yaikulu kuiposa kakhumi kaya ndi munthu wosambira pansi pa madzi, chimalumidwa basi. Nsomba yoti chakudya chake chili pamalo amodzi imayenera kulondera malowo, palibenso kuchitira mwina. Za mtundu wa Dascyllus, monga ija yakuda ya madontho atatu oyera yomwe amati domino, zimaoneka bwino zikakhala zazing'ono koma zikakula nkudutsa masentimita 10 madontho aja amazimiririka, ukali nkuwonjezeka, ndipo kuti muichotse mu thanki yodzaza miyala mumayenera kugumula chilichonse. Kale anthu ankagwiritsa ntchito ma damsel amenewa poyambitsa thanki yatsopano poti amapirira amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba yemwe amachuluka mabakiteriya omudya asanakhazikike, khalidwe lomwe ine ndimaliona kuti ndi nkhanza chabe poti masiku ano amoniya wa mbotolo ndi mabakiteriya ogula amagwira ntchito yomweyo popanda kuwotcha nsomba mopumira mwake.

Tsono chromis ndi yosiyana ndi abale akewo chifukwa cha chomwe imadya. Simalima ndere. Imakhala mmwamba mmadzi, mutu italozetsa komwe madzi akuchokera, nkumatola tizilombo ting'onoting'ono tomwe tikuyandama, makamaka ma copepod, kamodzikamodzi tsiku lonse. Chakudya chobwera ndi madzi sungachitchingire mpanda, chimangodutsa, ndiye palibe phindu lomenyera malo. Apa mpomwe pachokera mtendere wake wonse. Koma dziwani kuti magazi ake ndi a damsel ndithu, ndipo zinthu zikasintha khalidwe la mbanja lija limatulukira.

Yomwe anthu ambiri amasunga ndi Chromis viridis, yobiriwira mosakanikirana ndi buluu, mtundu wake umasintha malinga ndi momwe kuwala kwaigwera. Dzinali anaipatsa ndi Georges Cuvier mu 1830. Imapezeka kuyambira ku Red Sea ndi gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Great Barrier Reef ndi zilumba za pakati pa Pacific, mmadzi osazama komanso otetezeka ku mafunde aakulu, ndipo simapitirira masentimita 10, zambiri zimathera pa 7 kapena 8. Ili ndi mnzake wofanana nayo kwambiri, Chromis atripectoralis, yomwe mungaisiyanitse ndi kadontho kakuda patsinde pa chipsepse cha mmbali, ndipo imakula kuposa viridis pang'ono, nthawi zambiri zimagulitsidwa zosakanikirana ngati mtundu umodzi. Palinso ya buluu weniweni ya ku Caribbean yomwe kwa zaka zambiri timaidziwa kuti Chromis cyanea, mu 2021 asayansi anaisamutsira ku mtundu wa Azurina, imeneyo imafika masentimita 15 ndipo imafuna malo ambiri. Zina zomwe anthu amati ndi ma damsel ofatsa, monga Chrysiptera parasema ya mchira wachikasu kapena Chrysiptera talboti, nzoona kuti sizandewu kwambiri koma siziyenda pagulu, iliyonse imagwira kamwala kake, ndiye musaziike mu nkhani imodzi ndi chromis.

Nanga nchifukwa chiyani kunyanjako zimakhala pagulu? Apa mpomwe pagona nkhani. Sikuti zimakondana ayi, ndi mantha. Kansomba ka masentimita 6 koyandama poyera masana ndi chakudya cha aliyense, ma grouper, ma jack, ma lizardfish obisala pansi, zonsezi zimakhala zikudikira. Zikakhala mazanamazana pamodzi maso amachuluka, imodzi ikaona choopsa zonse zimadziwa nthawi yomweyo, komanso mdani amasokonezeka posankha yoti aithamangitse. Ndiye zimaima pamwamba pa korali wa nthambi, makamaka Acropora, zikamadya zimakwera mmwamba pang'onopang'ono ngati mtambo, chithunzithunzi chikangodutsa zonse psiti kulowa mu nthambi, pakapita kamphindi nkuyambanso kutuluka. Chomwe chimaoneka chokongola kwa ifecho kwa izo ndi njira yopulumukira.

Ndiye ganizani, mwazitenga 7 mwaziika mu galasi momwe mulibe mdani aliyense. Masabata awiri kapena atatu oyamba zimakhala pamodzi bwinobwino poti malo ndi achilendo, zikuopa. Zikazolowera nkuona kuti muno mulibe chodya nsomba, chomangira gulu chija chimamasuka, zimayamba kubalalika, iyi ku ngodya iyi ina uko, nkumangokumana nthawi ya chakudya kapena wina akadutsa mothamanga pafupi ndi thanki. Ndipo chomwe chimatsala ndi kupikisana kuti wamkulu ndani. Kunyanja kupikisanaku kulipo koma pa gulu la nsomba 300 yomwe yathamangitsidwa imangosowa pakati pa zinzake, ndewu nkuthera pomwepo. Mu thanki ya nsomba 6 ilibe kothawira, yotsikitsitsa imajomphedwa ndi zonse zisanu tsiku ndi tsiku, sikuti zimaing'amba ayi, nkungoithamangitsa pang'ono, kuijompha pa mchira, kuitchingira chakudya. Imayamba kukhala kuseri kwa pampu kapena mmwamba pa ngodya, mtundu wake nkuda, mimba nkulowa, kenako tsiku lina osaionanso chifukwa yafera kuseri kwa miyala ndipo nkhanu ndi nyongolotsi za mu thanki zaimaliza usiku umodzi. Mawa lake yomwe inali yachiwiri kuchokera pansi ndiyo yakhala yotsikitsitsa, nkhani nkuyambiranso. Zimatha choncho imodziimodzi, mwezi uno imodzi, pakapita miyezi iwiri ina, mpaka zitatsala ziwiri zomwe zikulolerana.

Zimafika poipa zikakhwima nkuyamba kuswana. Yaimuna imasankha malo pamwala kapena pamchenga, nthawi zina olo pa galasi penipeni, imasintha mtundu nkuoneka yachikasu pang'ono, zazikazi zimabwera kudzaikira mazira ndipo iyo imawalondera nkumawakupiza ndi zipsepse mpaka aswe pakatha masiku 2 kapena 3. Masiku amenewo ndi damsel yeniyeni, chilichonse choyandikira chimathamangitsidwa. Mu thanki yaitali zinazo zimangosunthira mbali ina, mu thanki yaing'ono malo a chisa ndi theka la thanki yonse.

Pali langizo lomwe limazungulira kwambiri loti muzigula nambala yosagawika pawiri, 5, 7, 9, ati zikatero sizimenyana. Ine sindiligwirizana nalo, nsomba siziwerenga. Chomwe chimathandiza ndi kuchuluka kwake poyerekeza ndi malo, kuti ukali ugawikane pa nsomba zambiri mmalo mogwera imodzi. Zitatu ndiye nambala yoipitsitsa, ziwiri zimagwirizana nkuimaliza yachitatu. Kwa ine ngati thanki yanu ili pansi pa malita 200, sungani imodzi yokha, imakhala bwino ndithu ndipo imayenda poyera tsiku lonse. Ngati mukufuna gulu la 7 mpaka 9 ganizirani malita 300 kapena 400 kupita mtsogolo, ndipo kutalika nkofunika kuposa kuzama, masentimita 120 kapena kuposa, kuti yothamangitsidwa izitha kuchoka pamaso pa yoithamangitsa. Zilowe zonse tsiku limodzi, zofanana msinkhu. Olo mutachita zonsezi palibe angakulonjezeni kuti zonse zikhala, koma mwayi umakula kwambiri.

Chinthu china chomwe anthu sachiganizira ndi pogona. Masana zimaoneka ngati sizifuna miyala, koma magetsi akayamba kuzima iliyonse imafuna mpata wake wolowamo, ndipo ndewu zambiri zimachitika nthawi imeneyi mwini thanki asakuyang'ana. Kunyanja zimagona mkati mwa nthambi za korali, ndipo pali kafukufuku wina wokoma kwambiri yemwe anachitika ku Eilat ku Red Sea nkutuluka mu 2004, anapeza kuti Chromis viridis ndi ma Dascyllus ena usiku wonse zimakhala zikukupiza zipsepse mwamphamvu zili mtulo pakati pa nthambizo, ndipo kukupizako kumalowetsa madzi a okosijeni mkati mwa korali pa nthawi yomwe koraliyo amakhala akuperewera mpweya poti kulibe dzuwa. Ndowe zake nazonso zimadyetsa korali. Ndiye ubale wa nsombayi ndi korali wa nthambi ndi wakuya, si pobisala chabe. Mu thanki, ngati muli ndi Acropora kapena Pocillopora kapena Seriatopora wamkulu bwino mudzaona zokha zikulowamo madzulo. Ngati mulibe, panganiko miyala ya nthambinthambi ndi mipata yambiri kuposa nambala ya nsomba, yomwazikana mbali zonse, osati mulu umodzi pakati. Thanki zija za miyala iwiri yokha ndi mchenga woyera mbee zimakongola pa chithunzi koma kwa chromis 8 ndi nyumba ya chipinda chimodzi.

Kenako chakudya, ndipo apa mpomwe ine ndinalakwitsa kwambiri. Ndimadyetsa kamodzi patsiku madzulo poopa kuti nitrate, yemwe amachokera ku zonyansa za nsomba, angakwere nkuwononga makorali. Koma nsomba yomwe thupi lake linapangidwa kuti lizitola tizilombo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, mimba yake ndi yaing'ono, singadye zambiri nthawi imodzi nkusunga, ndipo imasambira osapuma ndiye mphamvu zimatha msanga. Mukadyetsa kamodzi zamphamvu zimakhuta, zofooka zimapeza nyenyeswa, ndipo njala imawonjezera ukali. Zimafunika katatu kapena kanayi patsiku, pang'onopang'ono, tishrimp ta mysis todulidwa bwino, ma copepod a mufiriji, brine shrimp wowonjezeredwa mavitamini poti payekha alibe zambiri, ndi timapeleti ting'onoting'ono tokwana pakamwa pake. Kamakina kodyetsa kokha kamathandiza masana mukakhala kulibe. Chakudyacho muzichithira pomwe pampu ikukankha madzi kuti chimwazike thanki yonse nthawi imodzi, yaikulu singathe kulondera mbali zonse. Ndipo kudyetsa kwambiri kukutanthauza kuti zonyansa zichuluka, ndiye skimmer, makina ochotsa zonyansa mmadzi ndi thovu, ikhale yamphamvu, madzi muzisintha mwina 10 pa 100 aliwonse sabata iliyonse kapena masabata awiri, osati kuchepetsa chakudya kuti manambala aoneke bwino.

Za madzi sindichulukitsa poti nzofanana ndi thanki iliyonse ya makorali. Mchere ukhale pa 35 ppt, kutanthauza magawo 35 pa 1000 aliwonse, pa refractometer, kachida koyezera mchere, ndi 1.025 kapena 1.026, kutentha madigiri 24 mpaka 27, pH, muyeso wa asidi mmadzi, pakati pa 8.1 ndi 8.4, amoniya ndi nitrite, poizoni wina wochokera ku amoniyayo, zikhale pa 0, ndipo thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike. Madzi akauma nkutsika mumawonjezera opanda mchere osefedwa ndi makina a RO ochotsa zosungunuka mmadzi, poti mchere suuluka. Chomwe ndingatsindike ndi kayendedwe ka madzi. Chromis zikakhala ndi madzi othamanga bwino mmwamba zimaima moyang'anizana nawo zonse mbali imodzi ngati kunyanja, ndipo nthawi imeneyo mpomwe zimaoneka ngati gulu lenileni. Mmadzi ongoima zimangoyendayenda nkumasakana. Muikenso chivindikiro cha neti pamwamba poti yothamangitsidwa usiku imatha kudumpha.

Tsopano matenda, chifukwa si zonse zomwe zimasowa zomwe zaphedwa ndi zinzake. Chromis viridis ili mgulu la nsomba za mnyanja zomwe zimagulitsidwa kwambiri padziko lonse, ndipo pafupifupi zonse zimagwidwa kunyanja, makamaka ku Philippines ndi Indonesia. Poti nzotchipa komanso zimagwidwa zambirimbiri, zimapakiridwa mothinana, zimadutsa mmanja ambiri, masiku angapo osadya, ndiye zimafika zofooka ndi timabala pakhungu. Apa mpomwe pamalowera kachilombo kotchedwa Uronema marinum, komwe kamagwira chromis ndi tinsomba tina ta pagulu totchedwa anthias kuposa nsomba zina zambiri. Chizindikiro chake ndi bala lofiira mmbali mwa thupi ngati yakhulidwa, mamba nkuyamba kutukuka, ndipo pofika poti balalo likuoneka kachilomboko kamakhala kalowa kale mu mnofu ndi ziwalo za mkati, nsomba imatha kufa tsiku limodzi kapena awiri. Ambiri amaganiza kuti yalumidwa ndi inzake.

Kuopsa kwa Uronema kuli apa. Matenda ena odziwika, monga a timadontho toyera omwe amayamba ndi Cryptocaryon irritans, kachilombo kake sikangakhale popanda nsomba, ndiye mukachotsa nsomba zonse nkusiya thanki yopanda nsomba kwa masiku 76 monga momwe ambiri amachitira, kamafa ndi njala. Uronema sikafuna nsomba kuti kakhale ndi moyo, kamadya mabakiteriya ndi zinyalala za pansi, ndiye kakalowa mu thanki yanu yaikulu kalowa basi, kudikira sikuthandiza. Mankhwala a kopa omwe amapha tizilombo tinato pa Uronema sadalirika, ndipo mu thanki ya makorali simungathire kopa olo pang'ono poti amapha makorali, nkhono ndi shrimp zonse. Omwe amalimbana nako amagwiritsa ntchito formalin posambitsa nsomba ndi metronidazole mu chakudya, zonsezi mu thanki yapadera, ndipo formalin ndi poizoni kwa munthunso, amafuna magolovesi ndi malo opita mphepo. Nsomba yomwe bala lafiira kale kawirikawiri sichira, zomwe mumapulumutsa ndi zinzake.

Nchifukwa chake kwarantini pa chromis siyochita kusankha. Kathanki kapadera ka malita 60 kapena 80, kopanda mchenga, hita, fyuluta ya siponji yomwe yakhala kale mu thanki yomwe mabakiteriya anakhazikika, ndi tizidutswa ta mapaipi a PVC tambiri tobisalamo, masabata 4 kapena kuposa mukuziyang'ana tsiku lililonse ndi kuzidyetsa bwino kuti zibwezeretse thupi. Pogula yang'anani thanki yonse osati nsomba yomwe mwaikonda yokha, ngati muli olo imodzi ya bala lofiira kapena yakufa pansi, zisiyeni zonse. Pemphani kuti azidyetse inu mukuona. Yomwe ikupuma mothamanga, yomwe yadzipatula, ya mimba yolowa, ya zipsepse zofumbata, imeneyo ayi. Ndimaona kuti chifukwa nsombazi nzosavuta kupeza anthu amazitenga ngati zongodzazira malo, zikafa nkukagula zina, pomwe ndi nyama yomwe yachotsedwa pa korali wake kutali kwambiri ndipo ikasamalidwa imatha kukhala zaka 8 kapena kuposa.

Za anzake okhala nawo, chromis sizivuta. Makorali sizikhudza, shrimp ndi nkhono sizizilabadira, zimakhala bwino ndi clownfish, ma goby, ma blenny, ma tang ndi ma wrasse ofatsa. Ndipo kukhala ndi nsomba yaikulupo yoyendayenda ngati tang kumathandiza pang'ono kuti zizikumbukira kukhala pamodzi, ngakhale sindingalangize munthu kuika nsomba yoti izizizunza dala, mantha a tsiku ndi tsiku amafooketsa thupi nkutsegulira matenda khomo. Lionfish, grouper ndi zina za kukamwa kwakukulu zimazimeza, ma dottyback aukali ndi ma damsel a malo aja amazivutitsa. Komanso chromis zili ndi ubwino wina, poti zimakhala poyera nthawi zonse, nsomba zamanyazi zikaziona zimadziwa kuti kunja kuli bwino nkumatuluka nazonso.

Ngati chomwe mukufuna kwenikweni ndi gulu lothinana lomwe silibalalika, mwina chromis si nsomba yanu. Kansomba kotchedwa Zoramia leptacanthus, ka mbanja la cardinalfish, koonekera mkati ndi maso a buluu, kamaima pagulu pakati pa nthambi za korali mokhulupirika kuposa chromis, kungoti nako kamafika kofooka ndipo kamafuna kudyetsedwa pafupipafupi. Ma anthias monga Pseudanthias squamipinnis amakhala yaimuna imodzi ndi zazikazi zingapo, okongola zedi, koma amafuna thanki yaikulu ndi chakudya chochuluka kuposanso apa.

Kwa amene muli nazo kale, chizolowezi chimodzi chomwe chinandithandiza pa gulu langa lachiwiri ndi kuziwerenga nthawi ya chakudya, tsiku lililonse, ndi kuyang'ana makamaka yaing'ono kwambiri ngati yadya. Ikangoyamba kutsalira mmbuyo kapena kukhala pa ngodya masiku awiri otsatizana, musadikire, ichotseni ipite mu kathanki kapadera kapena mu kabokosi koonekera kopachika mkati mwa thanki momwemo, idye payokha mpaka mimba idzaze, ndipo nthawi zina yofunika kuchotsa kwa sabata imodzi kapena awiri ndi yaukaliyo osati yofookayo. Ndipo ngati zatsala kale ziwiri zazikulu zomwe zakhazikika, musathamangire kukagula zing'onozing'ono zitatu kuti mubwezeretse gulu, ziwirizo thankiyo zimaiona ngati yawo tsopano ndipo zatsopanozo zidzatha mofulumira kuposa zoyamba zija. Zisiyeni ziwirizo zikhale, kapena ngati mwatsimikiza zoyambiranso, zichotseni kaye, musinthe kaikidwe ka miyala, zatsopano zimalize kwarantini, kenako zonse zilowe limodzi madzulo magetsi atazima.